Kuunika magazi a mu ubongo ndi kuwala kosaoneka: mafunso ndi mayankho

Mukalowa m'chipinda cha opaleshoni ya mtima, mungaone wodwala atamatidwa tizigamba tiwiri pamphumi, mawaya ake atapita pa kabokosi koonetsa manambala awiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. M'mayunivesite ena mungapeze munthu wabwinobwino atavala chisoti chothina, mawaya atayanga mutu wonse, iye akuwerengera masamu pamtima. Onse awiriwa akuunikidwa ndi luso limodzi: kulowetsa kuwala m'mutu n'kuyeza kumene kwabwerako. Dzina lake ndi near infrared spectroscopy, ndipo madokotala amangodula kuti NIRS.

Kodi kuwala kungadutse bwanji chigaza, poti ndi fupa?

Yesani izi usiku: yatsani tochi n'kuiphimba ndi zala. Zalazo zimayaka psuu. Kuwala kwa tochi kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, koma yobiriwira ndi yabuluu yathera m'magazi, yofiira yokha ndiyo yapulumuka. Kuseri kwa kufiirako kuli kuwala kwina kumene maso athu saona, komwekuja kotuluka pa rimoti ya TV, ndipo kumeneko kumalowa m'thupi mozama kuposa kofiira. Anakutulukira ndi William Herschel mu 1800. Anagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake ndi galasi la mbali zitatu, n'kumayeza kutentha kwa mtundu uliwonse, ndipo anadabwa kupeza kuti pamene panatentha kwambiri ndi kuseri kwa kufiira, pomwe panalibe chooneka chilichonse.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kutalika kwa funde kumayezedwa m'mananomita. Mukadula milimita imodzi m'zidutswa 1 miliyoni, kachidutswa kamodzi ndiye nanomita. Maso amaona kuyambira pafupifupi 400 kulekeza cha pa 700. Kutsika pa 650, magazi amameza kuwala pafupifupi konse. Kukwera kupitirira 950, madzi a m'thupi ndiwo amayamba kukumeza. Pakati pa ziwirizi pali zenera, ndipo NIRS imasuzumira pamenepo. Fupa silimeza kwambiri kuwala kotereku. Limangokumwaza.

Anayambitsa ndani?

Frans Jöbsis wa pa Duke University ku America. Mwiniwakeyo ankasimba kuti nzeruyi inamubwerera patebulo, kumapeto kwa 1976, atamaliza kudya nyama ya ng'ombe ndi banja lake. Anatola fupa lophwatalala lomwe linatsala, n'kuliloza ku nyali, ndipo anatha kuona chithunzithunzi cha chala kuseri kwake. Ngati kuwala kofiira kukudutsa fupa chonchi, kopitirira kufiira kungalephere bwanji chigaza? Mu 1977 anasindikiza zomwe anapeza m'magazini ya Science.

Choseketsa n'chakuti chimene ankasaka kwenikweni si magazi ayi, koma kanthu ka m'maselo kotchedwa cytochrome c oxidase, komwe kamathandiza selo kugwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu. Kanthuko mpaka lero n'kovuta kuyeza, chifukwa kamabisala kuseri kwa magazi. Magaziwo, omwe kwa iye anali ngati chotchinga, ndiwo anadzasanduka ntchito yaikulu ya lusoli. M'zaka za m'ma 1980 madokotala a makanda ku Duke ndi ku University College London anayamba kuliyesa pa ana obadwa masiku asanakwane, kampani ya Hamamatsu ya ku Japan inatulutsa makina ogulitsa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makina a INVOS anayamba kulowa m'zipinda za opaleshoni.

Kuwalako kukalowa m'mutu kumaona chiyani?

Mtundu wa magazi, basi. M'maselo ofiira muli himogulobini, yomwe ntchito yake ndi kunyamula okosijeni. Ikasenza okosijeni imafiira mowala, ikatula imaderako. Aliyense wotenga magazi kuchipatala amadziwa kuti a mumtsempha wochokera kumtima ndi ofiira kwambiri kuposa a mumtsempha wobwerera.

Kusiyanaku kumapitirira mpaka ku kuwala kosaoneka. Cha pa 760, himogulobini yotula ndiyo imameza kwambiri. Cha pa 850, yosenza ndiyo imameza kwambiri. Pafupi ndi 800 zonse zimameza mofanana. Ndiye makinawo amatumiza kuwala kwa mitundu iwiri kapena kuposerapo, kwina kunsi kwa 800 kwina pamwamba pake, n'kuona kumene kwachepa kwambiri pobwera. Zotsalazo ndi masamu.

Kanyali kotumiza kuwala ndi kadiso kolandira zonse zili m'kachigamba ka pamphumi. Nanga kuwala kumabwerera bwanji?

Kumasochera. M'thupi kuwala sikuyenda chowongoka ngati X-ray. Kukangolowa kumagunda apa, kugunda apo, kumakhota chilichonse chikakukhudza, monga mmene nyali za galimoto zimachitira mu nkhungu. Kochuluka kumamezedwa, kwina kumalowerera osabweranso, ndipo kochepa zedi kumatulukira pamene pali kadiso kolandira. Mukajambula njira yomwe kuwala kopulumukaku kwadutsa, imaoneka ngati nthochi: nsonga imodzi pa kanyali, ina pa kadiso, mimba yake italowa m'kati.

Kwa munthu wamkulu, kanyali ndi kadiso zimatalikirana masentimita 3 kapena 4, ndipo nthochiyo imazama pafupifupi theka la mtunda umenewo. Chifukwa cha kukhotakhota kuja, ulendo weniweni ndi wautali kuposa mmene zikuonekera. David Delpy ndi anzake a ku London analongosola zimenezi mu 1988, ndipo m'mutu mwa munthu wamkulu njirayo imatalika pafupifupi ka 6: pa masentimita 3 a pakhungu, kuwala kwayenda masentimita pafupifupi 18.

Apa m'pamene pali malire aakulu a NIRS. Kuwala kukadutsa khungu, fupa ndi madzi ozungulira ubongo, kumangokhudza chikuto cha kunja kwa ubongowo. Za m'kati mwenimweni sikuzifika. Mukatalikitsa kadiso kuti muzame kwambiri, kuwala kobwera kumachepa mpaka kuzimiririka.

Ndiye tinene zoona: kodi makinawa amayezadi kayendedwe ka magazi?

Ambiri mwa iwo ayi, ndipo funso ili ndilo lofunika kuposa onse. Amene amapezeka kwambiri m'zipatala amayeza kuchuluka kwa himogulobini yosenza okosijeni poyerekeza ndi yonse imene ili pamalopo. Za kayendedwe timachita kuganizira kuchokera pamenepo.

Ganizirani thanki yomwe madzi akulowa kumwamba kwinaku akutuluka kunsi. Mukasuzumira mumaona pamene madzi alekeza. Akatsika, mwina paipi yolowetsa yatsekeka, mwinanso wina watsegula kwambiri mpope wotulutsa. Pamene madzi alekeza pokha sipakuuzani chomwe chachitika. Nambala ya NIRS ili chimodzimodzi. Ikatsika, mwina magazi ofika ku ubongo achepa, mwina magaziwo akubwera ndi okosijeni wochepa, mwina munthu wataya magazi ambiri, mwinanso ubongo ukudya okosijeni mwadyera chifukwa cha kutentha thupi kapena kukomoka kwa khunyu. Ikakwera, sikuti nthawi zonse n'zabwino. Mbali ya ubongo yomwe yafa siidya okosijeni, ndipo magazi ongokhala pamenepo angaonetse nambala yooneka bwino.

Chifukwa chake nambalayi imakhalabe ndi ntchito n'chakuti ubongo sukhala ndi nkhokwe. Umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni, ndipo pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi pafupifupi mamililita 750. Magazi akasiya kufika, munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10. Choncho ngati zina zonse zili chimodzimodzi, monga mmene zimakhalira kwa munthu wogonekedwa ndi mankhwala, kutsika kwadzidzidzi kwa nambala kumaloza ku kuchepa kwa magazi ofika.

Zilipo njira zoyezera kayendedwe kenikeni ndi kuwala komweku. Yakale kwambiri, yomwe inayesedwa pa makanda ku London mu 1988, ndi yowonjezera mwadzidzidzi okosijeni amene mwana akupuma n'kuona liwiro lomwe magazi ofiirawo afikira ku ubongo. Ina ndi yobaya mumtsempha utoto wobiriwira wa indocyanine green, womwe umameza kuwala kwa pafupi ndi 800, n'kuwerengera mmene wadutsira. Zonse ziwirizi zimapereka muyezo wa kamphindi kamodzi, osati wosalekeza. Yachitatu, yomwe ine ndimaiona yochenjera kuposa zonse, ndi diffuse correlation spectroscopy, mwachidule DCS, yomwe inakulira ku University of Pennsylvania m'zaka za m'ma 1990 m'manja mwa Arjun Yodh ndi David Boas. Kuwala kwa laser kukamwazika kumapanga timadontho tothwanima. Ngati kwagunda zinthu zoima, timadonthoto timakhala chete. Ngati kwagunda maselo ofiira omwe akuyenda, timaphethira, ndipo magazi akamathamanga kwambiri kuphethirako kumafulumiranso. DCS simayang'ana mtundu wa magazi koma liwiro la kuphethira. Mpaka pano imapezeka kwambiri m'malo ofufuzira kuposa pambali pa bedi la wodwala wamba.

Zikusiyana pati ndi kachipangizo koyeza okosijeni kopana chala kaja?

Ndi pachibale. Ka pachala, komwe nzeru yake anaitulukira Takuo Aoyagi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kamagwiritsa ntchito kuwala kofiira kwa 660 ndi kosaoneka kwa 940. Koma kamangosankha magazi amene akugunda motsatira mtima, ndiye kamatiuza za magazi ochokera kumtima okha, asanatule katundu. N'chifukwa chake kwa munthu wathanzi kamaonetsa 95 kufika 100.

NIRS sisankha. Imawerenga magazi onse a m'timitsempha ta pamalopo, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi obwerera, omwe atula kale. Ka pachala kamanena zomwe zanyamuka, NIRS imanena zomwe zatsala ubongo utadya. Palinso ubwino wina: pa opaleshoni ya mtima, pamene makina ndiwo akupopa magazi ndipo mitsempha siikugunda, ka pachala kamasowa chogwira, koma NIRS imapitiriza.

Nambala yabwino ndi iti?

Akuluakulu ambiri amakhala pakati pa 60 ndi 75 peresenti, koma musaigwire mwamphamvu. Anthu awiri athanzi angasiyane kwambiri chifukwa cha kuchindikala kwa chigaza ndi khungu, ndipo makina a makampani awiri atamatidwa pamphumi imodzi sapereka nambala yofanana. Ngakhale tizigamba ta makanda ndi ta akuluakulu ta kampani imodzi timasiyana. Palibenso muyezo wina wodalirika woti n'kutsimikizira kuti nambala ya m'kati mwa ubongo wa munthu wamoyo ndi yakutiyakuti.

Madokotala odziwa ntchito amayamba alemba nambala ya munthuyo ali maso, asanamugoneke, n'kumamuyerekeza ndi iye mwini. Ambiri amachita tcheru ikatsika ndi gawo limodzi mwa asanu kuchokera poyambira paja, kapena ikafika kunsi kwa 50. Malire amenewa ndi ongogwirizana, si khoma lomwe ubongo umayamba kuwonongeka ukangolidutsa.

Madokotala amaigwiritsa ntchito pati kwenikweni?

Kwambiri pa opaleshoni ya mtima ndi ya mtsempha waukulu wotuluka mumtima, makamaka pamene magazi ayenera kuimitsidwa kwa kanthawi kapena kulowetsedwa ku ubongo kudzera mbali imodzi. Paipi ya makina opopa ikalowa molakwika, mbali imodzi ya ubongo ingamanidwe magazi pamene china chilichonse chikuoneka bwino, ndipo manambala awiri aja akasiyana mwadzidzidzi amaulula.

Imagwiranso ntchito pa opaleshoni yopala mafuta mumtsempha wa m'khosi. Dokotala amayenera kupana mtsemphawo kuti autsegule, ndipo funso limakhala lakuti: kodi magazi ochokera mbali inayo akukwanira? Nambala ikagwa pansi atangopana, angaike kapaipi kolambalala. Ina ndi opaleshoni ya phewa yomwe wodwala amakhala tsonga atagonekedwa, mutu uli pamwamba pa mtima. Mudzaipezanso kwa ana ochitidwa opaleshoni ya mtima wobadwa nawo wolakwika, ndi kwa odwala amene magazi awo akulandira okosijeni kudzera m'makina a ECMO.

Nambala ikatsika amatani?

Choyamba amaona ngati kachigamba sikanamatuke. Kenako amayang'ana ngati mutu sunapindike moti n'kufinya mitsempha ya m'khosi, ngati mapaipi ali m'malo, ngati mphamvu ya kuthamanga kwa magazi yatsika, ndiponso okosijeni ndi himogulobini zili bwanji. Chimodzi chomwe anthu ambiri sachidziwa ndi mpweya woipa wa carbon dioxide. Makina opumira akaupopa wambiri kunja, mitsempha ya mu ubongo imafinyika ndipo magazi amachepa. Nthawi zina mankhwala ake amangokhala kuchepetsa liwiro la makina opumirawo.

Kodi pali umboni woti imapulumutsa miyoyo?

Apa pafunika kulankhula mosapita m'mbali. Umboni woti imaona kutsika kwa okosijeni ulipo. Umboni woti kuonako kumachititsa odwala ambiri kuchira bwino ndi wochepa kuposa mmene ogulitsa makina angafunire.

Chitsanzo chomveka ndi kafukufuku wa SafeBoosC, wotsogoleredwa kuchokera ku Copenhagen, pa makanda obadwa mimba isanakwane milungu 28. Gawo lomwe linatuluka mu 2015, la ana 166, linasonyeza kuti madokotala akamaona nambala ndi kuchitapo kanthu, nthawi yomwe ubongo wa mwana umakhala ndi okosijeni wochepa kapena wopitirira muyezo imatsika kuposa theka. Anthu anasangalala. Kenako kunabwera gawo lalikulu, la ana 1,601 m'zipatala 70 za m'mayiko 17, lomwe linasindikizidwa mu 2023 mu New England Journal of Medicine. Ana ena anaunikidwa m'maola 72 oyambirira, ena anasamalidwa mwa nthawi zonse. Omwalira kapena ovulala kwambiri ubongo anali 35.2 peresenti mwa ounikidwa ndi 34.0 peresenti mwa enawo. Kunena kwina, panalibe kusiyana.

Zimenezi sizikutanthauza kuti makinawo ananama. Mwina njira zomwe madokotala ali nazo zokwezera nambala sizichiza chomwe chikuwononga ubongo, mwinanso kuwonongekako kumachokera kwina. Kwa akuluakulu ochitidwa opaleshoni, bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku mu 2018 linapezanso kuti umboni sunali wokwanira kugamula. Ine ndimaiona chonchi: pa ngozi zazikulu zosachitikachitika, monga paipi yolowa molakwika, NIRS ndi mlonda wabwino, ndipo ngozi zotere sizichuluka mokwanira kuti zionekere m'ziwerengero. Koma kuthamangitsa nambala nthawi zonse, mpaka kuwonjezera magazi kapena mankhwala chifukwa cha iyo yokha, ndi nkhani ina.

Kodi kuwalako sikuwononga ubongo?

Ayi. Si kuwala kwa mtundu wa X-ray komwe kumatha kuwononga maselo, ndipo mphamvu yake ndi yochepa. Vuto lodziwika lili pakhungu: kachigamba kakakhalitsa pamalo amodzi kangasiye chipsera kapena kachilonda, makamaka kwa makanda a khungu lofewa, n'chifukwa chake anamwino amakasuntha pakapita maola angapo.

Nanga chisoti cha mawaya chija? Kodi chimawerenga maganizo?

Chimenecho ndi fNIRS, kuunika ubongo uli pantchito. Mbali ya ubongo ikayamba kugwira ntchito, timitsempha ta pamenepo timatseguka ndipo magazi amakhamukirako ochuluka kuposa ofunikira. Charles Roy ndi Charles Sherrington anazilemba kale mu 1890. Zotsatira zake n'zakuti himogulobini yosenza imakwera, yotula imatsika pang'ono. Mu 1993 magulu angapo, ku Japan, ku Germany ndi ku America, anasindikiza payekhapayekha umboni woti kuwala kungaone kusinthaku kuchokera kunja kwa mutu. Mmodzi mwa iwo anali Britton Chance, yemwe panthawiyo anali atayandikira zaka 80. Posakhalitsa kampani ya Hitachi inalumikiza tinyali ndi timaso tambiri kuti pakhale mapu.

Koma kuwerenga maganizo ndi kutali. Selo la mu ubongo limagwira ntchito m'kachigawo kochepetsetsa ka sekondi, pamene magazi amafika pachimake patapita masekondi pafupifupi 5. Ndipo chomwe mukuona ndi dera la masentimita angapo, mmene muli maselo mamiliyoni. Zili ngati kuima panja n'kumaona mita ya magetsi ikuthamanga. Mwadziwa kuti m'nyumbamo akugwiritsa ntchito magetsi, koma simudziwa ngati akusita kapena akumvera wailesi.

Popeza makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI alipo, fNIRS ndi ya chiyani?

MRI yoona ubongo uli pantchito, yomwe maziko ake anaika Seiji Ogawa mu 1990, imatsatiranso magazi omwewo, ndipo imaona ubongo wonse mpaka m'kati, mwatsatanetsatane wa mamilimita ochepa. Pa kuona bwino, fNIRS siingayandikire. Koma MRI imafuna kuti mugone chagada m'phanga laphokoso osagwedeza mutu. Tayesani kumuuza zimenezo mwana wa miyezi 6.

Ndi fNIRS mwana amakhala pamiyendo pa mayi ake akuonera zithunzi. Wodwala sitiroko angaunikidwe akuphunziranso kuyenda. Anthu awiri angavale zisoti n'kumacheza maso ndi maso, ofufuza akuona ubongo wa onse awiri nthawi imodzi. Munthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza kumva m'kati mwa khutu, komwe kamasokoneza MRI, angaunikidwe popanda vuto, ndipo poti makinawo sachita phokoso ndi abwino pofufuza za kumva ndi kulankhula. Amanyamulikanso. Sarah Lloyd-Fox, Clare Elwell ndi anzawo anapita nawo kumudzi wa Keneba ku Gambia, ndipo mu 2014 anasonyeza kuti n'zotheka kuyeza mmene ubongo wa makanda umayankhira nkhope ndi mawu a anthu kutali ndi chipatala chachikulu chilichonse. Ntchitoyo inapitirira n'kumatsata mmene kuperewera kwa zakudya kumakhudzira kukula kwa ubongo.

Kuwala kumadutsa pakhungu kawiri, polowa ndi potuluka. Tidziwa bwanji kuti tikuona ubongo osati khungu?

Wafunsa izi wagwira pachilonda. Khungu la kumutu lili ndi magazi ambiri, ndipo magaziwo amasintha munthu akachita manyazi, akada nkhawa, akamva kutentha, ngakhale akangokwinya nkhope. Mukamupatsa munthu masamu ovuta, mtima umathamanga, mphumi imafiira, ndipo makina angaonetse kukwera kokongola komwe sikunachokere mu ubongo n'komwe. Onjezerani kugunda kwa mtima, kupuma, ndi mafunde ena a kuthamanga kwa magazi obwera pafupifupi pa masekondi 10 alionse.

Mu 2012 ofufuza a ku Canada anamanga lamba wopopa mpweya mozungulira mutu wa anthu odzipereka, n'kutseka magazi a pakhungu pokha. Makina atatu a m'chipatala omwe anayesa onse anatsitsa nambala, ngakhale kuti ubongo sunakhudzidwe.

Njira yochepetsera vutoli ndi kuika kadiso kena pafupi ndi kanyali, mamilimita pafupifupi 8 kwa akuluakulu. Nthochi yake ndi yosazama, imangoona khungu, ndiye zomwe yaona amazichotsera pa za kadiso kakutali. Makina ena amatumiza kuwala mophulika kwa kanthawi kochepetsetsa n'kuyeza nthawi yomwe kwatenga kubwera, poti kochedwa ndiko kwazama. Zimathandiza, koma sizithetseratu. Mukamawerenga za kafukufuku wa fNIRS wonena zazikulu, funsani kaye ngati anachotsera za pakhungu.

Kodi mtundu wa khungu ndi tsitsi uli ndi kanthu?

Uli nako. Melanin, yomwe imadetsa khungu ndi tsitsi, imameza kuwala kotereku, makamaka kwa mafunde aafupi. Kuwala kobwera kumachepa ndipo muyezo umavuta. Tsitsi lakuda, lothinana kapena lopotana limatchingira kanyali kuti kasakhudze khungu, n'chifukwa chake makina a m'chipatala amamatidwa pamphumi. Mu kafukufuku, kwa zaka zambiri njira yachidule inali kungosiya anthu amene muyezo wawo sukutuluka bwino, ndipo zotsatira zake zomwe timati ndi za ubongo wa munthu zinachokera kwambiri kwa a khungu loyera ndi tsitsi lopyapyala.

Nkhaniyi inadzutsidwa ndi m'bale wake uja wa pachala. Mu 2020 madokotala a pa University of Michigan anasonyeza kuti kachipangizoko kankalephera kuona kuchepa kwa okosijeni mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Kuyambira pamenepo opanga zida zonse zodalira kuwala akufunsidwa kuti anaziyesa pa ndani. Pa fNIRS, ena akupanga timaso tokhala ndi mano ngati chipeso todutsa pakati pa tsitsi, ena amayamba agawa kapena kuluka tsitsi kuti mizere ya khungu ionekere pamene pakufunika.

Ingazindikire sitiroko kapena magazi okhera m'kati mwa mutu?

Magazi okhera, nthawi zina inde. Pali kachipangizo ka m'manja kotchedwa Infrascanner, komwe boma la America linavomereza mu 2011. Amakagunditsa kumanzere ndi kumanja pamalo ofanana. Magazi oundana amameza kuwala kwambiri, ndiye mbali yomwe ili nawo imabweza kochepa. Kanapangidwira magazi opitirira mamililita 3.5 omwe ali pafupi ndi kunja kwa ubongo, osazama kupitirira masentimita 2.5. Akakhala akuya, kapena akhera mofanana mbali zonse ziwiri, kangawaphonye, ndipo chotupa cha pakhungu chingakanamize. Ntchito yake ndi kuthandiza kusankha woyenera kuthamangira naye ku makina ojambula m'kati mwa mutu a CT, osati kulowa m'malo mwa CT.

Pa sitiroko ndiye samalani kwambiri. Kachigamba ka pamphumi kamaona kadera kakang'ono ka kutsogolo, pamene mtsempha ungatsekeke kumbali, kumbuyo kapena m'kati nambala osagwedezeka. Munthu akapindika kamwa, dzanja likafooka kapena lilime likalemera mwadzidzidzi, wofunika ndi chipatala msangamsanga, kaya chipangizo chilichonse chikuti chiyani.

Ndinamva kuti ku Japan amaigwiritsa ntchito pa matenda a maganizo. N'zoona?

N'zoona. Mu 2009 boma la Japan linalola kuti igwiritsidwe ntchito pothandiza kusiyanitsa matenda omwe amaoneka ngati kuvutika maganizo, ndipo mu 2014 inalowa mu inshulansi ya zaumoyo. Wodwala amauzidwa kutchula mawu ambiri oyamba ndi liwu lakutilakuti kwa mphindi imodzi, makina akuyang'ana kutsogolo kwa ubongo. Akatswiri ambiri, ena a ku Japan komweko, anadandaula kuti chilolezocho chinafulumira umboni usanakhwime, ndipo vuto la magazi a pamphumi lija likukhudza ndendende muyezo woterewu. Mayiko ena ambiri sanatsatire.

Nanga zipewa zowala zomwe zimagulitsidwa kuti zimachiza ubongo?

Imeneyo ndi nkhani ina, ngakhale kuwala kwake n'kofanana. NIRS imayeza, siichiza. Zipewazo zimati kuwalako kumalimbitsa maselo, ndipo zimenezi zikufufuzidwabe. Wogulitsa akamatchula mbiri ya NIRS ya m'zipatala ngati umboni wa chipewa chake, wasakaniza zinthu ziwiri.

Wachibale wanga wamatidwa tizigambati. Ndiziyang'ana chiyani?

Musamangirire mtima pa nambala iliyonse yomwe yaphethira. Imakwera ndi kutsika wodwala akatembenuzidwa, akatsokomola, akatuluka thukuta, ngakhale kuwala kwa nyali ya m'chipinda kukalowa pansi pa kachigamba komatuka. Kusiyana pang'ono kwa kumanzere ndi kumanja n'kofala. Ngati mukufuna kumvetsa, afunseni anamwino kuti nambala yoyambira inali chiyani, yakhala ikulowera kuti m'maola apitawa, ndipo ikugwirizana bwanji ndi zoyeza zina. Mukaona kachigamba katayamba kumatuka m'mbali kapena khungu la pansi pake litafiira, auzeni, musakonze nokha.